Mwana wandifunsa za Malamulo Khumi, ndasowa chomuyankha

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndithandizeni maganizo.

Ine ndimagula usipa ku Makawa, kuuyanika pa thandala, n'kukagulitsa pa boma. Lamulungu lapitali mabwato anabwera atadzaza, ndiye ndinatsalira kudoko, kutchalitchi osapita. Madzulo ndikutembenuza usipawo, mwana wanga wazaka 14, amene ali m'kalasi ya kutchalitchi, anandifunsa kuti, "Amayi, Mulungu anaikiranji malamulo pomwe ankadziwa kuti tiziwaphwanya?" Ndinangoti kukamwa yasa, manja ali mamba okhaokha.

Usiku ndinatsegula Eksodo 20. Chandigwira mtima n'chakuti asanapereke lamulo ngakhale limodzi, Mulungu akuyamba wawakumbutsa Aisraeli kuti anawatulutsa mu ukapolo ku Iguputo. Pa Deuteronomo 5:15 Sabata akulimangiriranso ku ukapolo womwewo, ngati kunena kuti kupuma ndi mphatso ya munthu womasulidwa. Yesu naye pa Marko 2:27 akuti Sabata linaikidwa chifukwa cha munthu. Koma pa Yohane 14:15 akuti womukonda azisunga malamulo ake. Apa ndipo pandisokoneza.

Anzathu achisilamu kuno, Lachisanu masana amasiya malonda n'kupita ku mzikiti. Ine ndimachita manyazi ndikawaona.

Ndiye abusa ndi akulu ampingo muli muno, kodi lamulo ndi mpanda wotiteteza, kapena galasi longotionetsa tchimo monga pa Aroma 3:20? Nanga usipa ukapezeka Lamulungu, fizi ya mwana ikudikira, ndichite bwanji? Mwanayu ndimuyankhe chiyani?