Kompyuta yanga ya Windows 7 yakalamba: ndiikonze kapena ndigule ina?

Mphunzitsi wopuma, Dedza

Moni nonse. Ndili ndi kompyuta ya patebulo ya Dell imene ndinagula mu 2012. Ili ndi Windows 7, Core i3, RAM ya 4GB ndi hard disk ya 500GB. Ndimalembapo mamineti a kumpingo ndi mayeso a ana a Sitandade 8 amene ndimawathandiza masana. Zithunzi zonse za banja lathu zilinso momwemo, kuphatikizapo za malemu mayi a kunyumba.

Masiku ano ndikaiyatsa, madzi a tiyi amachita kuwira Word isanatseguke. M'kati mwake mwayamba kumveka kaphokoso kakuti tike, tike. Chrome nayo ikulemba pamwamba kuti sidzalandiranso zatsopano pa Windows imeneyi. Mwana wanga amene ali ku Johannesburg akuti ndingoitaya, koma mtima wanga sukulola kutaya chinthu chimene chikuyakabe, ndiponso ndalama ya penshoni njosayenera kuseweretsa. Ndilinso ndi pulinta yakale ya HP LaserJet imene sindikufuna kuisiya. Odziwa zinthuzi, ndithandizeni nzeru.

Wokonza makompyuta, Limbe

Aphunzitsi, zina zonse zidikire kaye. Lero lomwe, koperani zithunzizo ndi makalata onse pa flash, ndipo ngati n'kotheka paŵiri, pena pa Google Drive pamene amapereka 15GB yaulere. Kaphokoso mukukamvako nthawi zambiri kamachokera mu hard disk imene ili pafupi kufa. M'kati mwake muli mbale zozungulira ndi kasingano kowerenga, ndiye kasinganoko kakayamba kugogoda, tsiku lina mudzayatsa n'kupeza zonse zapita. Ndaonapo anthu akulira pasitolo panga chifukwa cha zithunzi zokhazokha.

Mukatero, chotsani diskiyo muikemo SSD ya SATA, disk ya mtundu watsopano yolowa m'malo mwa hard disk; ya 240GB kapena 256GB ikukwanirani. Ilibe chozungulira m'kati, n'chifukwa chake kompyuta yakale imadzuka msanga ikaikidwa imeneyi. Mukapezanso RAM ya DDR3 n'kufikitsa 8GB, mudzadabwa nokha.

Koma Windows 7 ndiye isiyeni. Microsoft inasiya kuiteteza pa 14 Januwale 2020, ndipo Chrome yomaliza kuyenda pamenepo ndi 109, ya mu 2023. Wina akakuuzani kuti akuikirani Windows 10, dziwani kuti nayonso nthawi yake inatha pa 14 Okutobala 2025. Windows 11 imafuna TPM 2.0 (kachipangizo ka chitetezo ka m'kati mwa kompyuta) ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wachi 8 kupita m'tsogolo, pamene yanuyo ya 2012 ndi ya m'badwo wachiwiri kapena wachitatu. Ine ndikanaikamo Linux Mint ya mtundu wa Xfce, pulogalamu yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows. Njaulere, njopepuka, ndipo imabwera ndi Firefox komanso LibreOffice yolembera.

Mlembi wa muofesi, Mzuzu

Bambo, zokopera zithunzizo ndikugwirizana nazo kwathunthu. Koma za Linux ine ndili ndi maganizo ena. Munthu amene wazolowera Word zaka zonsezi amavutika, makamaka pa mapepala a mayeso okhala ndi matebulo ndi mizere yoyankhirapo. Ukatsegula fayilo ya Word mu LibreOffice, nthawi zina zinthu zimasuntha, funso lomwe linali patsamba loyamba n'kupezeka lagwera pachiwiri.

Komanso taganizirani za magetsi. Kompyuta ya patebulo imazima pompo magetsi akathima, zimene munalemba osasunga n'kutayika, ndipo kuzima kotereku kumaononganso disiki. Laputopu ili ndi batire. Mwana wanuyo ngati ali ndi mtima wothandiza, m'pempheni akupezereni laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito, monga ThinkPad T480 kapena HP EliteBook 840 G5. Zonsezi zimalola Windows 11 ngati zili ndi purosesa ya m'badwo wachi 8. Pogula musangomva zoti "ndi Core i5" n'kutulutsa ndalama. Onani nambala yonse: i5-8250U ndi ya m'badwo wachi 8, koma i5-3320M ndi yachitatu, msinkhu umodzi ndi yanu yomweyo. Muizulenso pamagetsi pamaso pa wogulitsayo kuti muone ngati batire likusunga moto.

Wophunzira zamakompyuta, Zomba

Agogo, simukufunika kusankha mwakhungu. Linux Mint imatha kuyenda kuchokera pa flash osafufuta kalikonse mu kompyuta yanu. Pezani wachinyamata wodziwa akuikireni pa flash ya 8GB. Fayilo yake ndi pafupifupi 3GB, choncho akaitsitse pamene pali Wi-Fi, musathere bando yanu. Ikayaka, lumikizani pulinta ija musindikize tsamba limodzi, kenako tsegulani pepala lanu la mayeso muone mmene likuonekera. Mapulinta ambiri a HP LaserJet amayenda bwino pa Linux, ngakhale ena amafuna kaye kuwatsitsira kapulogalamu kowonjezera. Zimene anena amayi a ku Mzuzu n'zoona, koma mukamalembera mu LibreOffice momwemo n'kusunga ngati PDF musanatumize kwa ena, palibe chimasuntha. Mint 22 idzalandira zoiteteza mpaka 2029.

Mphunzitsi wopuma, Dedza

Zikomo kwambiri nonse, Mulungu akudalitseni. Mdzukulu wanga wandithandiza kukopera zithunzi zonse pa flash usiku wathawu, ndipo kompyutayo ndaizimitsa, sindiiyatsanso mpaka SSD itapezeka. Ndaganiza zoyamba ndi njira yotchipayi. Loweruka ndikupita ku Lilongwe kukafuna SSD, ndipo ndidzayesa Linux Mint pa flash monga wanenera mwana wa ku Zomba. Pulinta ikakana, ndidzamuimbira mwana wanga za laputopu ija, nambala zake ndazilemba m'kope. Achimwene a ku Limbe, funso limodzi: hard disk yakaleyo ndikaichotsa ndiisunge motani, poti muli mayina ndi ndalama za chopereka za anthu a kumpingo?