Kibana ikukana kulumikizana ndi Elasticsearch mu Docker, thandizeni

WakuSengaBay:
Moni nonse. Ndili ku Salima, ndimalemba kaundula wa nsomba zomwe asodzi a gulu lathu amafika nazo padoko, usipa, utaka ndi chambo, kuphatikizapo mitengo ya tsiku lililonse. Akuluakulu a gulu atopa ndi mizere ya Excel, akufuna azingoona ma graph. Ndaika Elasticsearch (pulogalamu yosungira ndi kufufuzira deta) ndi Kibana (yoonetsera detayo pa ma graph) mu Docker (yomwe imayendetsa pulogalamu iliyonse mu kabokosi kakekake kotchedwa container) pa laputopu ya 8GB. Elasticsearch ikuyankha bwinobwino pa port 9200, koma ndikatsegula Kibana pa port 5601 pakungotuluka "Kibana server is not ready yet". Pa ELASTICSEARCH_HOSTS, pomwe Kibana imapezera adiresi ya Elasticsearch, ndalemba http://localhost:9200. Chikuvuta n'chiyani?

MlongoWaDwangwa:
Achimwene, vuto ndi localhost yomweyo. Mkati mwa container, localhost ndi container imeneyo, osati laputopu yanu, ndiye Kibana ikufunafuna Elasticsearch m'nyumba mwake momwe. Ikani zonse ziwiri mu docker-compose imodzi (fayilo yoyendetsera ma container angapo pamodzi), ndipo pamalo pa localhost mulembe dzina la service, mwachitsanzo http://elasticsearch:9200. Onetsetsaninso kuti version ya Kibana ikufanana ndi ya Elasticsearch.

BamboAChisomo:
Zoona zimenezo, koma mwina zidzakanabe. Kuyambira version 8.0, yomwe inatuluka mu 2022, chitetezo chimakhala choyatsa kale, ndipo Kibana siivomera kulumikizana ndi dzina la elastic. Gwiritsani ntchito dzina lolowera la kibana_system. Lowani mu container ya Elasticsearch, mulembe bin/elasticsearch-reset-password -u kibana_system, password yomwe ituluke muyiike pa ELASTICSEARCH_PASSWORD. Ngati Elasticsearch inadzipangira yokha ma certificate, adiresi iyambe ndi https ndipo Kibana muipatse certificate ya CA, yomwe imatsimikizira ma certificate enawo. Ena akuuzani kuti mungozimitsa chitetezocho, xpack.security. Ine ayi. Mu kaundulamo muli mayina a asodzi ndi ndalama zawo, si zoti aliyense amene ali pa Wi-Fi ya ofesi aziona.

WakuSengaBay:
Zikomo bambo, zikomo achemwali, Kibana yatseguka. Koma Elasticsearch ikumazima yokha, ikulemba exit code 137.

MlongoWaDwangwa:
Nthawi zambiri 137 ndi memory yatha. Pa ES_JAVA_OPTS lembani -Xms1g -Xmx1g kuti muchepetse memory yomwe Elasticsearch imatenga, kaundula wa doko limodzi sangafune zoposa pamenepo. Ndipo musanalowetse deta, mangani volume (malo osungira deta kunja kwa container) pa /usr/share/elasticsearch/data. Popanda volume, tsiku lomwe mudzalembe docker compose down, usipa wa chaka chonse udzapita limodzi ndi container.