Za chigayo pa malo a agogo a kumsewu

Achemwali: Mwaswera bwanji nonse. Nkhani ya malo a kumsewu aja tiimalizire pano chifukwa pa maliro paja sitinakhale pansi bwinobwino ndipo aliyense akungomva zakezake. Achimwene fotokozani nokha kuti malume amve kuchokera kwa inu eni ake. Msuweni uli nawo pafupi?

Malume (foni ya msuweni): Ndili nawo pakhonde pano, ndiziwawerengera kenako ndizilemba zomwe akuyankha. Akuti akupatsani moni nonse

Achimwene Joni: Zikomo achemwali. Malume ndi mayi aang'ono ndiyambe ndi kupepesa kuti nkhaniyi munayamba kuimvera kwa ena. Ine maganizo anga ndi obwerera kumudzi December yomweyi osadzabweranso kuno. Masana ndimagwira ya mugaden usiku ya ulonda, thupi layamba kukana ndipo sindikufuna kukalambira m'kachipinda ka eni ake ku Johannesburg. Ndalama yomwe ndasunga ikukwana chigayo, chokonola ndi chogaya zonse ziwiri, nde ndikupempha malo a kumsewu aja chifukwa ndi pomwe pamadutsa anthu a midzi yonse ya kumtunda popita ku Mitundu. Panopa azimayi akusenza chimanga mpaka pa trading kapena kulipira kabaza kupita ndi kubwera, ndalama ya kabaza yokhayo nkuposa yogayitsira. Chikayenda ndikufuna ndiikepo khola la nkhumba poti madeya azikhala pomwepo, kenako kagolosale ndi benchi ya Airtel Money ndi Mpamba. Malowo akungokhala malume, chaka ndi chaka ndi udzu basi

Mayi aang'ono: Sakungokhala ayi mwana wanga pali mango a amayi paja

Malume (foni ya msuweni): Akuti amva. Akuti ntchito sakuikana, iwowo anakulira pa khasu ndipo mpaka lero tambala akamalira amakhala ali kudimba. Koma akuti mudziwe kuti za kufuna zambirizi anazionapo kale. Bambo awo anapita ku Theba kumigodi, anabwera ndi njinga ndi chikhothi komanso chifuwa chomwe sichinawasiye mpaka kumanda. Iwonso analimapo fodya wa bale zaka zambiri, kutenga ngongole ya feteleza, kulemba aganyu, kugona panja ku Kanengo kudikira mabelo agulidwe, pomaliza akadula za ngongole, za thiransipoti ndi za ziguduli yotsala inali yochepa moti mtima unkangowawa chaka chonse. Nde anasiya dala. Akuti lero ali ndi dimba, nkhokwe, mbuzi zawo ndi nkhuku, Lamulungu amapita kutchalitchi, palibe amene amawagogodera pakhomo kudzaitanitsa ngongole ndipo amagona tulo. Akuti fodya wako ndi amene ali pamphuno

Malume (foni ya msuweni): Akutinso pansi pa mango paja ndi pomwe mbumba yonse imakhala pakagwa zovuta kapena chinkhoswe, mukaika chigayo tizikakhala kuti

Achimwene Joni: Malume ndikulemekezani kwambiri ndipo musandimve molakwika koma ndinene zoona. Tulo mukugonato pali ena amene sakugona kuti inu mugone. Feteleza wa chaka chatha dzina lanu silinatuluke pa AIP, matumba aja anagulidwa ndi ndalama ya pa Mukuru. Chilala cha 2024 chija nkhokwe inatha mwezi wa October, chimanga tinagula. Fizi ya ana, malata a nyumba ya agogo, bokosi la maliro. Sindikuwerengera ayi ndinachita ndi mtima wonse koma tsiku lomwe ndidzadwale kuno kapena kugwidwa za mapepala zonsezi zidzaima tsiku lomwelo

Mayi aang'ono: Iii mwana iwe malume ako sayankhulidwa choncho pagulu

Achemwali: Tiyeni tidekhe kaye. Mayi aang'ono, zomwe anena achimwenezi ndi zoona ngakhale zatuluka mowawa, inenso ka malipiro kanga ka uphunzitsi kamathera komweko. Koma achimwene nanunso kumbukirani kuti malo mukuwapemphawo alipo lero chifukwa cha malume. Tonse tinathawira m'tauni iwo anatsala. Mukudziwa anthu angati a ku Lilongwe abwera ndi galimoto kudzafuna malo a m'mbali mwa msewu uja? Mabanja oyandikana nafe anagulitsa, ndalama anadya inatha, lero ana awo akubwereka minda. Malume akanakhala okonda ndalama bwenzi pano pali mpanda wa njerwa wa munthu wina. Anasamala agogo mpaka tsiku lomaliza, ankawanyamula pa njinga kupita nawo kuchipatala ife tikungoimba foni. Imeneyonso ndi ntchito ngakhale ilibe risiti

Achimwene Joni: Zimenezo sindingakane. Malume pepani ngati mawu anga alasa

Malume (foni ya msuweni): Akhala chete kaye. Akuti palibe cholakwa, mwana akanena zoona sakwapulidwa. Akuti pitirizani akumvetsera

Ine: Ndiyankhuleko pang'ono monga wamng'ono. Ine chigayo ndikugwirizana nacho koma achimwene pulani yanu yachuluka zinthu nthawi imodzi. Chigayo chimadya bwino kuyambira April mpaka cha mu August anthu akangokolola, ikafika January ndi February anthu ambiri amabwera ndi kachigoba kamodzi ka mgaiwa, ena osabwera nkomwe, pomwe wogayitsa ndi mlonda akufuna malipiro mwezi uliwonse. Chaka cha chilala ngati chija boma linalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28, chigayo chimakhala chili zii. Nde ndalama ya miyezi yokolola isamathere ku nkhumba ndi golosale, ina izisungidwa ya miyezi yowuma ndi ya masipeyala. Masefa amabooka, mahamala amatha, malamba amaduka, ndipo zambiri mwa zimenezi ndi zochokera kunja, kwacha itagwa ndi 44% mu November 2023 mitengo yake inakwera nthawi yomweyo. Ku Bunda kuno timaona mabizinesi a ulimi ambiri akufa chaka choyamba chifukwa mwini wake anathira ndalama yonse mu makina osasiya yoyendetsera

Alamu: Pepani ndilowerereko ngakhale ndine mkamwini, za malo sindinenapo koma za magetsi ndi ntchito yanga. Mota ya chigayo imafuna three phase, si magetsi a m'nyumba aja. Choyamba muone kuti thiransifoma yapafupi ili pati ndipo ingakwanitse, chifukwa ngati pakufunika mapolo ambiri kapena thiransifoma yanuyanu mtengo wake ukhoza kuposa chigayo chenichenicho. Mukalembetse ku ESCOM abwere adzayeze akupatseni kotesheni musanagule chilichonse. Cha dizilo chimayamba msanga koma dizilo ndi wodula komanso akasowa mumaima, nde anthu amathawira cha magetsi chifukwa chimatchipa pogayitsa. Ine ndingabwere Loweruka kudzaona mtunda wake, wayaring'i ya m'nyumbamo ndidzapanga ndekha ulere

Achimwene Joni: Alamu mwandithandiza kwambiri, ine ndimangowerengera makina ndi nyumba. Ngati ndalama ingapelewere ndimaganiza zokatenga ngongole ku bungwe la boma lobwereketsa ndalama za bizinesi kapena ku banki

Malume (foni ya msuweni): Apa akweza mawu. Akuti ngongole iliyonse mutenge m'dzina lanu koma malo a mbumba asalembedwe ngati chikole kwina kulikonse, kaya ku banki kaya kwa a katapila. Akuti pamenepa sasintha

Achemwali: Pamenepo ndili mbali ya malume

Mayi aang'ono: Nane ndinenepo poti amene timasenza chimanga ndife. Chigayo chikabwera pafupi ine ndivina, msana wangawu watopa ndipo tsiku lopita kuchigayo tomato wanga sindigulitsa. Koma mwana wanga chomwe chidzaphe chigayo chako si magetsi ayi ndi ife abale ako. Aliyense azidzabwera ndi thumba nkumati ndigayire ndidzakupatsa ndikagulitsa soya, ukakana uzidzamveka kuti wayamba kunyada poti unapita ku Joni, ukalola mayunitsi atha ndalama palibe. Golosale ya bambo ako aang'ono ija inatha choncho, kope linadzaza maina a abale okhaokha. Nde zimenezi tigwirizane lero pano aliyense akuwerenga

Mayi aang'ono: Komanso pali ina yomwe malume ako sakuitchula koma ndikudziwa ikuwadya mumtima. Kumudzi kuno munthu ukaika chigayo anthu amayamba zoti wakhwimira. Mwana akangodwala m'banja kapena wina kumwalira mwadzidzidzi amati wamuika m'chigayo. Ife ndife opemphera sitikhulupirira zimenezo koma mawu a anthu amapasula mbumba

Malume (foni ya msuweni): Akuti mlongo wawo wanena zomwe zinali kukhosi kwawo. Akuti anaona banja lina kutsidya abale mpaka lero salonjerana chifukwa cha nkhani yotereyi, ndipo amene amatsala ndi manyazi ndi milandu ya kwa amfumu ndi mwini mbumba osati amene ali m'tauni

Achimwene Joni: Izi sindinaziganizire ndithu. Ndalama yanga ndi ya thukuta, aliyense pano akudziwa mmene ndaipezera

Ine: Nchifukwa chake zonse zichitike poyera achimwene. Amfumu adziwe kuyambira pa maziko, anthu aone makina akutsitsidwa masana, abusa adzapemphere tsiku lotsegulira mudzi wonse ulipo, ogwira ntchito akhale ana a m'mudzi momwemo ndipo azilandira malipiro odziwika. Miseche imakula pomwe zinthu zikuchitika mobisa. Komanso tilembe pepala chifukwa malowa ndi a makolo, si a munthu mmodzi. Lamulo la malo a makolo la 2016 lija limalola kulembetsa malo otere m'dzina la banja, tikafunse ku ofesi ya za malo kwa DC kuti ndondomeko yake ikuyenda bwanji kwathu kuno, kuti mawa ana a achimwene kapena ana athu asadzakanganirane

Achemwali: Chabwino ndiyese kusonkhanitsa zomwe ndamva, wina akaona kuti ndalakwitsa akonze. Achimwene apatsidwe theka la kumunsi loyang'ana kumsewu, theka la kumtunda komwe kuli mango ndi bwalo lisakhudzidwe. Malo akhalabe a mbumba, iwo ndi obwereka, makina ndi nyumba ndi zawo. Chikole ayi. Ngongole ya abale pachigayo ayi, koma malume, mayi aang'ono ndi agogo aakazi a kuseri aja azigayitsa ulere thumba limodzi pamwezi, ena tonse tizilipira ngati wina aliyense. Mwezi uliwonse kenakake kazilowa mu thumba la banja la maliro ndi fizi, kuchuluka kwake tidzagwirizane chikayenda miyezi itatu tione mmene chikulowetsera

Achimwene Joni: Zonsezo ndavomera. Koma mtengo umodzi wa mango uli kumunsi kwenikweni pomwe pangalowere ngolo ndi galimoto, umenewo ndimapempha udulidwe. Komanso nthawi yokolola ndimafuna chizigwira mpaka 9 koloko usiku ndi Lamulungu masana chifukwa ndi pomwe pali ndalama

Malume (foni ya msuweni): Akuti mtengo umenewo ndi wa mango a maboloma omwe amayi awo anabzala okha, njira ikhotere kwina malo alipo. Za usiku akuti nthawi yokolola alola mpaka 7 koloko, ikadutsa apo anthu agone ndipo atsikana asamayende mumdima ndi ufa pamutu. Lamulungu akuti ayi ndithu, ngakhale makina apume. Akuti mwana wawo akubwera kumudzi kudzapuma ku ntchito ziwiri, asadzipangirenso Joni wina pakhomo

Achimwene Joni: Lamulungu ndasiya malume. Mtengo ukhale, alamu akabwera aonenso pokhotetsa njira. Nanga nkhumba?

Mayi aang'ono: Nkhumba pafupi ndi bwalo ayi fungo lake, komanso chigodola chikalowa zimatha khola lonse sabata imodzi. Madeya uzigulitsa kaye, oweta nkhuku ndi nkhumba amawafuna kwambiri, za khola tidzakambe chaka chamawa ukadzakhazikika

Achimwene Joni: Ndamva mayi, koma nkhaniyo sindinaitaye tidzaibwerezanso

Malume (foni ya msuweni): Apa ndikulemba ndine msuweni osati bambo. Ngati mukufuna munthu wa pachigayo ine ndilipo, ndinagwirako pa trading miyezi ingapo ndimadziwa kusintha sefa ndi kumanga lamba. Bambo akuti alola bola m'mawa ndizithirira kaye kudimba

Achimwene Joni: Iwe ndiye ndimakuganizira kale, koma malipiro ako tilemberane pepala ngati wantchito aliyense kuti pasadzakhale kudandaula. Kope la ndalama azisunga achemwali, Lachisanu lililonse uziwatumizira chithunzi cha zomwe zalowa ndi mayunitsi omwe agulidwa

Alamu: Loweruka ndinyamuka m'mawa ndi minibasi, cha m'ma 10 ndikhala ndafika. Msuweni undidikire pa siteji ndi chingwe choyezera

Achemwali: Nanenso ndibwera limodzi ndi alamu anu. Malume mukawauze amfumu kuti Loweruka masana tikawaona, nkhuku yopita nayo ndigula ine. Wamng'ono iwe lemba pepala lija m'Chichewa chomveka ulitumize pano pofika Lachinayi kuti aliyense awerenge asanasainire. Achimwene musalipire makina kufikira kotesheni ya magetsi itatuluka

Ine: Ndilemba usiku uno. Malire a theka la kumunsi ndilembe kuti akuyambira pati?

Malume (foni ya msuweni): Akuti kuyambira pa chulu mpaka pa mzere wa nkhadze, koma usalembe kaye manambala, adzayeza okha Loweruka amfumu ali pomwepo