Msuzi wa ma dumpling madzulo a pakati pa sabata: ungapse mu mphindi 30?

Mayi wa ku Leeds

Ndikupempha nzeru kwa amene amaphika kawirikawiri msuzi wa ma dumpling, timibulu ta ufa wa tirigu timene nthawi zambiri timakhala ndi nyama m'kati. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku Leeds, ku England, ndipo masiku ambiri ndimafika pakhomo cha m'ma 7 koloko usiku, ana anga awiri ali ndi njala pamene akuyeneranso kugona msanga chifukwa cha sukulu. M'nyengo yachisanu ino kunja kumada cha m'ma 4 koloko, thupi limafuna chakudya chotentha chamsuzi, koma mphamvu zotereka nsima, ndiwo zankhuli ndi zamasamba pa nthawi imeneyo sizipezeka tsiku lililonse.

Mnzanga wa kuntchito, wochokera ku Hong Kong, anandilawitsa msuzi umene anabwera nawo m'fulasiki. Madzi ake anali oyera bwino, onunkhira jinja, ndipo munali masamba obiriwira ndi ma wonton, mtundu wina wa ma dumpling, osaphulika ngakhale limodzi. Ine ndinagula paketi ya ma dumpling oundana a nyama ya nkhuku, koma ndikawaphika ambiri amang'ambika, nyama n'kumwazikana m'poto, msuzi n'kuchita mbuu. Kodi chimachititsa zimenezi n'chiyani, nanga msuzi wokoma ungatheke bwanji popanda kuwiritsa mafupa kwa maola ambiri? Ndikufunanso kudziwa ngati pali njira yowapangira ndekha ndi ufa wa tirigu, chifukwa paketi imodzi sikhutitsa anthu atatu, ndipo kugula awiri nthawi iliyonse kukupweteka m'thumba.

Bambo wa ku Manchester

Mayi, ndinagwirapo ntchito m'khitchini ya malo odyera a anthu a ku China, choncho ndiyankha za ma dumpling okhala ndi nyama m'kati, amene mwagulawo. Choyamba yang'anani dzina lolembedwa pa paketi, chifukwa sali amtundu umodzi. Jiaozi, amene amadyedwa kwambiri kumpoto kwa China makamaka pa chikondwerero cha chaka chatsopano, ali ndi chikopa chochindikala chimene chimapirira madzi owira. Wonton, amene mnzanuyo anakulawitsani, ali ndi chikopa chopyapyala ndipo anapangidwira msuzi, koma amapsa msanga. Gyoza a ku Japan amawapangira kukazinga pansi pake kenako n'kuwafutsa ndi nthunzi, kotero mukawawiritsa nthawi yaitali amalephera kupirira. Ngati pa shelefu pali wonton, jiaozi kapena mandu a ku Korea, tengani amenewo. Werenganinso ngati nyama ya m'kati ndi yaiwisi kapena anaiphikiratu, popeza nthawi yake yophikira imasiyana.

Kung'ambikako kumabwera kawirikawiri chifukwa cha kuwasungunula musanawaphike komanso moto waukulu. Akasungunuka, chikopa chimanyowa n'kumatirirana ndi chinzake, ndipo mukamawalekanitsa mumakhala mwaching'amba kale asanalowe m'poto. Achotseni mufiriza madzi atawira kale, n'kuwaponyamo nthawi yomweyo ali gwaa. Mukatero takasani pang'onopang'ono ndi kumbuyo kwa chipande kuti asakakamire pansi, chifukwa m'mphindi yoyambayo ndi mmene amamira n'kugwira chitsulo chotentha. Madzi akayambanso kuwira chepetsani moto kuti azingotuwira pang'ono, asamabwadamuke, popeza kugubuduzika kumeneko ndi kumene kumamasula msoko. Kumpoto kwa China amathira theka la kapu ya madzi ozizira madzi akabwadamuka, n'kubwereza kawiri kapena katatu, kuti nyama ya m'kati ipse chikopa chisanafewe mopitirira. Pa chitofu cha gasi kapena cha magetsi kuchepetsa moto kumagwira ntchito yomweyo.

Za kuyera kwa msuzi, yankho lake ndi mapoto awiri. Ufa umene uli kunja kwa ma dumpling umasungunukira m'madzi, ndiye ukakhala m'msuzi umauderetsa n'kuulimbitsa. Kumene ndinkagwira ntchito kuja sankaphikira wonton m'msuzi ayi, ankawaphikira m'madzi wamba ambiri n'kuwatsanulira m'mbale. Mukangolowa m'nyumba ikani ketulo pamoto. M'poto woyamba thirani madzi wamba okwanira kuti ma dumpling azisambira momasuka. M'poto wachiwiri thirani lita imodzi ndi theka ya madzi, kyubu imodzi ya nkhuku, jinja wamuwisi wodula mapisi opyapyala asanu kapena asanu ndi limodzi, timagawo tiwiri ta adyo tophwanya, ndi mbali yoyera ya anyezi wamasamba, ndipo zisiyeni zituwire mphindi 10 musanathire supuni yaikulu ya sosi wa soya. Jinjayo ndiye mwini fungo limene munalimva m'fulasiki lija, choncho musamulowetse m'malo ndi waufa. Masamba, kaya pak choi kaya sipinachi, alowe m'mphindi 2 zomaliza kuti akhale obiriwira.

Ma dumpling akayandama, apatseni mphindi zina 2 kapena 3, kenako dulani limodzi pakati muone ngati nyama yapsa mpaka m'kati. Kuyandama kokha si umboni wokwanira akakhala oundana, makamaka a nkhuku kapena a nkhumba, ndipo amene ali ndi kachipangizo koyezera kutentha kwa chakudya afune madigiri 75 pakati penipeni. Aikeni m'mbale, thirani msuzi pamwamba, madontho ochepa a mafuta a chitowe ndi masamba a anyezi aja. Mafuta a chitowe sawiritsidwa, chifukwa fungo lake limathawa ndi moto. Zonsezi sizipitirira mphindi 20. Ngati ana sakukhuta, menyani dzira limodzi kapena awiri n'kuwathira pang'onopang'ono m'msuzi wotuwirawo mukutakasa, kapena phikani noodles m'madzi a ma dumpling omwe aja.

Mayi wa ku Johannesburg

Achemwali, zimene afotokoza achimwene a ku Manchester n'zoona, koma pa funso lanu la m'thumba ndi la kukhuta ine ndikulozerani kwina. Kuno ku South Africa anzathu amaphika madombolo, amene alibe nyama m'kati, ndi ufa wa tirigu chabe umene umafufuma ndi nthunzi pamwamba pa msuzi. Ambiri amawapanga ndi yisiti, ndipo amenewo ndi okoma kwambiri, koma amafuna ola limodzi kapena kuposa kuti ufa ufufume, choncho ndi a Loweruka kapena Lamlungu. Pakati pa sabata ndimagwiritsa ntchito baking powder, ndipo banja lonse limadzuka pa tebulo litakhuta ndi ufa wa ndalama zochepa kwambiri.

Yambani ndi msuzi. Kazingani anyezi mmodzi, onjezerani nyama ya ntchafu ya nkhuku yopanda mafupa yodula ting'onoting'ono kuti ipse msanga, kenako karoti, tomato awiri, adyo ndi ufa wa kale (curry) pang'ono. Thirani madzi otentha ochuluka kuposa amene mumathira m'ndiwo za nsima, pafupifupi lita imodzi ndi theka, chifukwa madombolo amamwa msuzi ndipo mukaumira madzi mudzapeza pansi patapserera. Tsiku lopanda nkhuku, nyemba zotsala dzulo kapena za m'chitini zimagwira bwino lomwe.

Msuzi ukuwira, sakanizani m'mbale makapu awiri a ufa wa tirigu, amene ndi magalamu pafupifupi 250, masupuni ang'onoang'ono atatu a baking powder, theka la supuni yaing'ono ya mchere ndi kashuga pang'ono. Fikisani ndi zala masupuni aakulu awiri a majarini mpaka ufawo uyoyoke, kenako thirani mkaka kapena madzi osakwana kapu imodzi, mukusakaniza ndi foloko mpaka ufa wouma usaonekenso. Pamenepo lekani. Manja athu anazolowera kukanda ufa wa mandasi mpaka usalale, koma pano kukanda kumalimbitsa gluten wa m'tirigu, chinthu chimene chimachititsa ufa kugwirana ndi kutanuka, ndipo madombolo amatuluka olimba, ovuta kutafuna. Ufawo ukhale womata ndi wosaoneka bwino, ndi mmene uyenera kukhalira.

Tapani ndi supuni yonyowetsa n'kumagwetsera pamwamba pa msuzi, motalikirana, chifukwa aliyense adzakula pafupifupi kawiri. Vundikirani, chepetsani moto, ndipo kwa mphindi 15 chivundikiro chisatsegulidwe. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, popeza mbali ya pansi imapsa ndi msuzi pamene ya pamwamba imapsa ndi nthunzi, ndipo mukavundukula kuti musuzumire nthunziyo imathawa, madombolo n'kufota asanapse. Mukang'amba limodzi, m'kati muyenera kukhala mouma, mwa timaenje ngati buledi.

Ndikusiyana nawo achimwene aja pa nkhani ya mapoto awiri, ngakhale kuti pa ma wonton akunena zoona. Madombolo amafunika kupsera m'msuzi momwemo kuti pansi pake pamwe kukoma kwa nkhuku ndi tomato, ndipo kaufa kamene kamasungunukako kamalimbitsa msuzi mwa njira imene ana amaikonda. Kumeneko ku Britain mulinso ndi mwayi, chifukwa eni dziko amaphika ofanana nawo m'nyama yamsuzi: magalamu 100 a ufa wa self-raising (wosakaniza kale ndi baking powder), magalamu 50 a suet, amene ndi mafuta olimba a ng'ombe ogulitsidwa m'paketi, kamchere ndi madzi ozizira masupuni aakulu pafupifupi asanu. Amenewo amafuna mphindi 15 mpaka 20 chivundikirire.

Mphunzitsi wa ku Zomba

Mayi, njira ziwiri zonsezi ndi zabwino, koma pali zinthu zimene ndikufuna muziganizire popeza chakudyachi muzidzapatsa ana kawirikawiri. Mchere ndi umene umandidetsa nkhawa. Kyubu ili ndi mchere wambiri, sosi wa soya nayenso ndi mchere, ndipo nyama ya m'ma dumpling ogula anaithira kale. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere pa tsiku, kumene kuli kusakwana supuni yaing'ono imodzi, ndipo ana amafunika wocheperapo. Mukaika kyubu ndi soya musathirenso mchere wapadera, ndipo mulawe pomaliza ma dumpling atalowa kale m'mbale. Mukamva kuti msuzi sunakolere, finyirani mandimu pang'ono musanaganize za mchere, ndipo akuluakulu aziika okha kambuzi kapena tsabola wina m'mbale zawo.

Njira yabwino koposa yochepetsera kyubu ndi kukonzeratu msuzi tsiku limene simukupita kuntchito. Makosi, misana, mapiko ndi zipalapasiro za nkhuku, zimene zimagulitsidwa motsika mtengo, muziwiritse pa moto wochepa kwa maola awiri kapena atatu pamodzi ndi anyezi ndi jinja, mukuchotsa thovu lobwera pamwamba. Sefani, ziziritsani, gawani m'timabokosi tokwana chakudya chimodzi n'kuika mufiriza. Maola amene mukuwaopawo amakhala atagwiritsidwa ntchito tsiku limene muli pakhomo, ndipo Lachitatu usiku chotsala n'kungotenthetsa. Tsiku lomwelo mungathe kukulunga ma wonton anu ndi ana, mutagula zikopa zake ku sitolo ya zakudya za ku Asia ndi kuikamo nyama yogaya, anyezi wamasamba ndi jinja. Ayalani pa thireyi yowaza ufa mosakhudzana mpaka aundane, kenako n'kuwalongedza m'pepala la pulasitiki, chifukwa mukawaunjika ali ofewa amasanduka chibuma chimodzi.

Zotsala musazisiye pa chitofu usiku wonse. Zilowe mufiriji maola awiri asanathe, zidyedwe m'masiku awiri, ndipo muzitenthetse kamodzi kokha mpaka zitulutse nthunzi. Ma dumpling asungeni padera ndi msuzi, apo ayi amamwa madzi onse n'kuphwanyika.

Kwa amene akuwerenga ali kuno kumudzi, madombolo amatheka pa mbaula magetsi akazima, bola muphule makala ena kuti moto ufatse musanavundikire. Chayinizi, mpiru kapena repu wodula mopyapyala amalowa bwino m'malo mwa pak choi. Ufa wa chimanga wokha sugwirana chifukwa ulibe gluten, kotero amene akufuna kupulumutsa wa tirigu asakanize gawo limodzi la mgaiwa ndi magawo awiri kapena atatu a tirigu.

Mayi wa ku Leeds

Zikomo kwambiri nonse atatu. Usiku wathawu ndinaphika madombolo ndi msuzi wa nkhuku monga anandiuzira achemwali a ku Johannesburg, ndipo ana anakhuta mpaka wamng'ono anasiya limodzi m'mbale. Kunja anali ofewa bwino, koma aakulu awiri anali onyowa pang'ono pakati ngakhale kuti sindinavundukule poto kwa mphindi 15 zonse. Ufa ndinausakaniza poyamba penipeni, ndisanadule ngakhale anyezi, kuti ndisunge nthawi. Kodi chimenechi chingakhale chifukwa chake, kapena ndi kukula kwawo?

Mayi wa ku Johannesburg

Achemwali, zonse ziwiri zinathandizira. Baking powder amayamba kugwira ntchito akangokhudzana ndi madzi, choncho ufa ukadikira mphindi 20 pa tebulo mphamvu ina yofufumitsa imakhala yapita. Zouma zokha, ufa, baking powder, mchere ndi shuga, mungathe kusakaniziratu ngakhale Lamlungu n'kusunga m'botolo lotseka bwino, koma mkaka uzilowa msuzi utawira kale, pamene mwatsala pang'ono kuwagwetsera m'poto. Pa kukula, supuni yaikulu imodzi yosadzaza kwambiri ndi yokwanira, ndipo ndi bwino kukhala ndi ang'onoang'ono 12 kusiyana ndi aakulu 6, chifukwa kutentha kumachedwa kufika pakati pa lalikulu. Gwiritsani ntchito poto wotambalala kuti onse akhale pamzere umodzi osasanjikizana. Ngati chivundikiro chanu chimadonthetsa madzi, chikulungeni ndi kansalu koyera ka m'khitchini, nsonga zake muzimange pamwamba kutali ndi moto, kuti nthunzi ikhale m'kati koma madontho asagwere pa madombolo. Mukang'amba limodzi n'kupeza kuti pakati sipanaume, bwezerani chivundikiro n'kuwapatsa mphindi zina 3 mpaka 5.