Sponsa akufuna logo pa jezi ndi zithunzi za ana, nditani apa?

Kochi wa timu: Anzanga ndithandizeni nzeru mutu waima. Ndili ndi anyamata ndi atsikana 14 a ulumali wa ubongo, timathamanga ndi kumenya mpira kawiri pa sabata, nde tayitanidwa ku mpikisano wa Special Olympics kwatsala masabata 7 koma zomwe tasonkha sizikufika olo theka la thiransipoti, za ma jezi osanena. Kampani ina yavomera kulipira zonse koma akuti logo yawo ikhale pachifuwa pa jezi komanso zithunzi za ana aziika pa Facebook pawo. Dzulo anditumizira positala yoyeserera, alembapo "thandizani ana ovutikawa" ndipo chithunzi asankha cha mnyamata wathu wina atakhala pansi yekhayekha mutu uli chozyolika, anamujambula pa foni tsiku lomwe anabwera kudzaona tirening'i. Chonsecho mnyamata ameneyu ndi amene amasiya onse pa mamita 100. Ndikane ndalama ipite? A komiti ena akuti tingouza makolo asonkhe basi

Madamu a sipesho: Za makolozo zichotseni kaye aKochi. Malamulo a Special Olympics salola kulipiritsa wosewera kapena banja lake kuti alowe nawo. Kholo likapereka lokha mwa kufuna kwake zili bwino, koma mukangoti wosapereka sakwera nawo, mwaphwanya lamulo, ndipo otsalawo adzakhala omwe aja amene tinavutika nawo kuwatulutsa m'nyumba.

Kochi wa bocce (masewera ogubuduza mipira pansi): Achimwene nkhani ya logo isakudwalitseni mutu, yankho lilipo kale ndipo si inu mukukana ndi lamulo. Pa mpikisano weniweni, komanso pa mwambo wotsegulira ndi wotsekera, wosewera savala jezi kapena nambala yolembedwa dzina la kampani, chololedwa ndi kachizindikiro ka amene anasoka chovalacho basi. Analiika dala lamulo limeneli kuti anthu asamadyere pa ana athuwa. Mukasindikiza lero mukafika kumeneko akakuvulani, ine ndinaonapo timu ina akumata tepi pa jezi zonse mphindi zochepa mpira usanayambe, manyazi ake. Komano ma volontiya amaloledwa kuvala malaya a sponsa, mabena amaloledwa, ndipo tizikwama kapena zovala za ku tirening'i zitha kukhala ndi ka logo kakang'ono. Funso langa ndi limodzi, kampaniyo imagulitsa chani? Ngati ndi mowa kapena fodya nkhani yathera pomwepa, dzina la Special Olympics siliyenda ndi zimenezo

Kochi wa timu: Ayi amagulitsa penti kkkk. Za tepizo mwandiopsa, ndinatsala pang'ono kutumiza ma saizi mawa

Volontiya wakale: Ine ndinene zosiyana pang'ono, mundikhululukire akuluakulu. Za logo ndamva, koma chithunzicho bwanji osangowasiya? Tisanamizane, anthu amapisa m'thumba akamva chisoni, ine ndayendapo ndi pepala khomo ndi khomo ndikudziwa. Positala ikhala sabata ziwiri aiwala, koma ana apita ku mpikisano. Ulemu sukwezetsa munthu basi.

Madamu a sipesho: Aiwala ndani achimwene? Mnyamatayo ali ndi maso, ali ndi anzake, makolo ake ali pa Facebook pomwepo. Tatha zaka kuuza anthu kuti awa ndi osewera asiye kuwatchula maina achipongwe aja, nde ife tomwe tikapachike chithunzi chonena kuti ndi omvetsa chisoni? Ndipo pa ndalama pomwepo ndikutsutsani. Wachisoni amapereka kamodzi nkumva kuti wathana nazo, chaka chamawa mukapitanso amati tinakupatsani kale. Amene waonera mwana akuthamanga nkumukuwira amafunsa yekha kuti mpikisano wina uli liti. Eunice Kennedy Shriver poyambitsa Special Olympics mu 1968 sanayendetse zithunzi za ana akulira, anatengera osewera pafupifupi 1,000 pa bwalo la Soldier Field ku Chicago kuti anthu aone okha zomwe amatha.

Volontiya wakale: Pa za chaka chamawazo mwandigwira Madamu, zinandichitikiradi. Koma basi ikufunikabe ndalama

Msungichuma: Ikufunikadi, nde tiyeni tilowe mu bajeti. AKochi, mwawerengera anthu angati mu thiransipotimo? Ngati ndi 14 ndi inu mwaphonya. Kawirikawiri amafuna wamkulu mmodzi pa osewera 4 aliwonse, apa ndiye akuluakulu 4, ndipo poti muli ndi atsikana pakhale amayi. Amenewanso adya, agona, akwera. Chachiwiri musapachike ulendo wonse pa kampani imodzi, akasintha maganizo sabata yomaliza mugwira chani? Idulenidule bajetiyo, thiransipoti payokha, jezi pazokha, chakudya ndi madzi pazokha, aliyense mumupemphe kachigawo kamene angathe. Ambiri amaopa kupereka kashi koma mukati lipirani nokha kwa mwini basi mutipatse lisiti, amavomera msanga, inunso zimakutetezani ku mijedo ya komiti. Yolowa m'manja ipite ku akaunti ya gulu yosainira anthu awiri, osati pa nambala yanu ya foni, olo mukhale woyera bwanji. Pomaliza musanalembe dzina la Special Olympics kapena chizindikiro chawo pa positala iliyonse yopemphera ndalama, yambani mwalankhula ndi ofesi yawo ya m'dziko mwanu, dzina lija lili ndi eni ake.

Kochi wa timu: Eeh ndinawerengera 16. Nde bajeti yakweranso m'malo motsika

Fizio: Pepani ndiwonjezere kamtolo kena. Mafomu a chipatala onse 14 ali bwino? Makamaka ngati muli ndi a Down syndrome, ena mwa iwo mafupa awiri apamwamba a khosi amakhala olekeralekera, pa mpira pamene pali kugundana ndi kumenya ndi mutu dokotala ayenera kuwaona kaye. Musadikire sabata yomaliza, mzere wa kuchipatala suudziwa mpikisano wanu.

Kochi wa bocce: Tsono pobwerera kwa a penti aja musapite ndi "ayi" yekha, pitani ndi china m'manja. Auzeni kuti pa jezi sizitheka koma tikupatsani choposa, tsiku la mpira wa Unified pa bwalo lanu lomwelo, antchito awo asewere timu imodzi ndi ana athu osati kulimbana nawo. Bena yawo ikhale pa golo, ma volontiya avale malaya awo, wojambula wawo ajambule mpaka batire ithe. Abwana a kampani akapatsidwa pasi ndi mwana wathu nkuphonya golo anthu nkuseka, chithunzi chimenecho adzachikonda kuposa cha mwana wokhala pansi chija. Pa geti muike bokosi, makolo ndi ma neba abwera. Apolisi a ku Wichita ku Kansas anayamba chonchi mu 1981, kungothamanga ndi muuni basi, lero kuthamanga kumeneku, kotchedwa Torch Run, kukusonkhetsa ndalama za Special Olympics m'mayiko ambirimbiri

Madamu a sipesho: Koma zithunzizo zikhale ndi pepala. Kholo lisaine, wosewera nayenso afunsidwe mwini wake m'mawu oti amve, mumuonetse chithunzicho anene kuti ichi eya ichi ayi. Ena mwa iwo ndi akuluakulu opitirira zaka 18, tizolowere kuwafunsa. Mulembenso kuti kampani izigwiritsa ntchito pati ndipo mpaka liti, mawu a pa positala muwaone inu asanatuluke. Chojambulidwa mobisa chija afufute, amene wakana kujambulidwa asewerebe ngati wina aliyense.

Kochi wa timu: Ndabwerako anzanga, ndikuuzeni mmene zayendera. Poyamba nkhope zinagwa nditanena za logo, mpaka ndinawaonetsa lamulolo pa foni. Avomera kugula jezi zonse zopanda dzina lawo, malaya a ma volontiya ndi bena, koma thiransipoti akuti alipira theka lokha poti pachifuwa palibe. Sindinalimbane nawo. Za Unified azikonda kwambiri moti antchito 9 alembetsa kale, tapangana Loweruka la sabata yachitatu, theka linalo tiyesa kulipeza pamenepo ndipo aMsungichuma ndagawa bajeti muja munanenera, a ofesi ndawaimbira akuti nditumize positala aione. Chithunzi chija afufuta ine ndikuona. Mnyamatayo ndamuonetsa zithunzi 5 wasankha chomwe akudumpha mzere womaliza kukamwa kuli yasa, mayi ake amafuna china chooneka bwino koma iye wakanitsitsa kkkk. Mafomu a chipatala atsala 3. Tsono vuto latsopano, mwa antchito 9 aja muli wina akuti anasewerapo mu ligi, ndikuopa adzangotenga mpira yekha ana nkumangomuonerera

Kochi wa bocce: Seweretsani ya anthu 5 mbali iliyonse, athu 3 awo 2 nthawi zonse, ndi mmene Unified imayendera. Muwaitane adzachite nawo tirening'i kamodzi tsikulo lisanafike muone mapazi awo. Wa ligiyo akavuta mpatseni wezulo akhale lefa

Volontiya wakale: Bokosi la pa geti ndigwira ine, koma pakhale wina wachiwiri powerenga