Boma litsegule nasale zambiri kapena liyambe lalipira alezi?

Chidwi_88

Anthuni ndithandizeni maganizo. Masiku ano andale akamalankhula za maphunziro salephera kutchula zoti boma lizilipira sukulu za mmera mpoyamba kuti mwana aliyense wa zaka 3 mpaka 5 azipita ulere. Ine sindikutsutsa ayi, manambala ake ndi omvetsa chisoni ndithu, UNICEF mu 2019 inanena kuti ana oposa 175 miliyoni padziko lonse sali ku nasale iliyonse, ndiye pafupifupi theka la ana a msinkhu umenewu, ndipo m'mayiko osauka ndi mwana mmodzi yekha pa asanu amene amapondako. Pajanso mayiko analonjezana ku UN kuti pofika 2030 mwana aliyense azikhala ndi mwayi wa nasale asanalowe pulayimale.

Koma chikundivuta ndi ichi. Nkhani imangokhala ya zipinda zingati timanga, ana angati alembetsa, basi. Za munthu amene azikhala ndi anawo kuyambira m'mawa zimabwera kumapeto kwenikweni ngati anachita kuiwala. Nde funso langa nali: ndalama zikakhala zochepa, boma liyambe ndi kutsegula malo ambiri kuti mwana aliyense apeze pokhala, kapena liyambe kuphunzitsa ndi kulipira bwino alezi ngakhale malowo akhale ochepa kaye? Musandiyankhe kuti zonse ziwiri kkkk ndikudziwa zonse nzofunika, ndikufunsa choyambira.

Mlezi_Wotopa

Achemwali mwafunsa pomwe pamandiwawa. Ine ntchito yanga ndi imeneyi ndipo anthu ambiri, ngakhale makolo amene amatisiyira ana awo, amaona ngati timangosewera ndi ana n'kumaimba nyimbo mpaka nthawi yoweruka. Bwerani mudzakhale nawo tsiku limodzi lokha. Wina akulira akufuna amake, wina wadzinyowetsa, awiri akulimbirana chidole chimodzi, wina wangoti phee pakona salankhula ndi aliyense ndipo ameneyo ndi amene ukuyenera kumuyang'anitsitsa kuposa onse chifukwa mwina sakumva bwino makutu kapena kunyumba kuli zina zake, nde zonsezi uzione nthawi imodzi uku ukuphunzitsa kuwerenga manambala ndi kudikira nthawi yako mnzako akamalankhula.

Chimene anthu sadziwa n'choti mwana wa zaka zitatu saphunzira kwa munthu amene sanamuzolowere. Zimatenga miyezi kuti akukhulupirire. Ndiye anzathu amachoka chaka chisanathe, osati chifukwa sakonda ana koma malipiro sakwanira olo lendi, wina akapeza mpata woti akaphunzitse ku pulayimale amathawa tsiku lomwelo ndipo sungamudzudzule. Ana aja ayambirenso kuzolowera munthu wina. Mutha kumanga zipinda zokongola bwanji koma ngati mlezi akusintha teremu iliyonse palibe chikuchitika m'menemo. Kwa ine yankho ndi losavuta, yambani ndi anthu.

Wamanambala

Ndiyikepo za kafukufuku pang'ono chifukwa aliyense amene amalimbikitsa nasale za boma amatchula Perry Preschool koma ochepa amanena mmene inalili. Inali ku Ypsilanti m'chigawo cha Michigan ku America, kuyambira 1962 mpaka 1967, ana onse mu kafukufukuyo anali 123 ochokera m'mabanja osauka, 58 analowa sukuluyo ena aja ayi. Anawatsatira mpaka atakula kupitirira zaka 40, ndipo amene anapita ku nasale aja ambiri anamaliza sekondale, ankapeza ndalama zochulukirapo, ankamangidwa mocheperapo. James Heckman, katswiri wa zachuma amene analandira mphoto ya Nobel mu 2000, anawerengera kuti phindu lake linali la 7 mpaka 10 peresenti pachaka. Zabwino kwambiri. Koma taonani, aphunzitsi ake anali ophunzira bwino, mphunzitsi mmodzi ana asanu kapena asanu ndi mmodzi basi, komanso sabata iliyonse ankayendera makolo kunyumba. Ndi boma liti limene likulonjeza zimenezo likamati nasale ya ulere kwa onse?

Tsopano onani Tennessee, chigawo china cha ku America. Kumeneko boma la chigawo linakulitsa nasale zake, ofufuza a yunivesite ya Vanderbilt n'kutsatira ana pafupifupi 3,000, ena analowa ena anasowa malo mwa maere. Poyamba amene analowa aja ankaoneka otsogola, koma zotsatira zimene zinatuluka mu 2022 zinaonetsa kuti pofika giredi 6 ankakhoza mayeso mocheperapo kuposa anzawo ndipo ankapatsidwa zilango pafupipafupi. Anthu akukanganabe kuti chinalakwika n'chiyani, ena akuti ana ankangowakhazika pansi kuwaloweza zilembo ngati akuluakulu.

Mzinda wa Boston ku America komweko ndiye umasokoneza mutu. Kafukufuku wa 2021 sanapeze kusiyana kwenikweni pa mayeso, koma ana amene anadutsa nasale za mzindawo ambiri anamaliza sekondale n'kupita ku koleji. Nde mayeso okha sanena zonse. Ine ndili mbali ya Mlezi_Wotopa, kungotsegula khomo sikutsimikiza kanthu.

BamboMsonkho

Aaa akulu, Perry yanuyo ndi ana 123, kalasi ziwiri zitatu basi, ife tikukamba za mamiliyoni. Ndikutsutsana nanu pang'ono nonsenu. Mukati tidikire mpaka tikhale ndi aphunzitsi a digiri olipidwa bwino, amene akudikirayo ndani? Si mwana wa munthu wolemera, ameneyo ali kale ku nasale ya pulayiveti. Ndi mwana wa mayi wosauka, ndipo zaka zake zitatu zinayi sizimudikira bajeti, akakula wakula. Panopa ali ndi ziro. Malo aukhondo otetezeka okhala ndi munthu wamkulu wachifundo ndi zidole zingapo ndi abwino kuposa kusiyidwa ndi mkulu wake wa zaka 9 amene nayenso wajomba kusukulu chifukwa cha iyeyo.

Komanso musaiwale amayi. Ku Quebec, chigawo cha ku Canada, mu 1997 anayambitsa malo osungira ana a madola 5 patsiku, azimayi ambiri anabwerera kuntchito, nawonso n'kumakhoma msonkho. Ndikuvomereza kuti kafukufuku wina kumeneko anapeza kuti ana ena anayamba kuvuta khalidwe, ndipo ambiri amaloza chala poti zinakula mothamanga malo ena asali bwino, koma phindu kwa mabanja silinali bodza.

Za digiri ndiye sindikhulupirira kwenikweni. Ku Kingston, Jamaica, m'ma 1986 ndi 1987, anali azaumoyo wamba a m'dera amene ankayendera ana opinimbira kamodzi pasabata kwa zaka ziwiri, kuonetsa amayi kasewereredwe ndi kalankhulidwe ndi mwana pogwiritsa ntchito zidole zopanga okha. Patapita zaka 20 ana aja ankapeza ndalama zoposa anzawo ndi 25 peresenti. Panalibe digiri pamenepo, panali maphunziro oyenera ndi munthu wowayang'anira.

Mlezi_Wotopa

Bambo, ine sindinati digiri. Ndinati malipiro. Zimene mwanena za mwana wosauka ndi zoona ndipo ndi ana amenewo amene ndimakhala nawo. Koma mawu oti "munthu wamkulu wachifundo" amenewo ndimawaopa, chifukwa boma likawamva limamva kuti munthu waulere. Amatenga mzimayi, kumupatsa tireningi ya masabata angapo, kumutcha wodzipereka, kaalawansi kobwera pomwe kafunira, palibe penshoni palibe tchuthi cha uchembere, ndiye akuti zakanthawi chabe tikonza bajeti ikalola. Sizikonzedwa. Taonani India, malo a boma osamalira ana aang'ono otchedwa anganwadi anayamba 1975, lero alipo oposa miliyoni, koma azimayi ogwira ntchito m'menemo mpaka pano salandira salale ngati ogwira ntchito m'boma, amalandira ya "zikomo" chabe, ndipo amanyanyala ntchito kawirikawiri pa nkhani yomweyi. Zaka pafupifupi 50! Mukayamba ndi anthu aulere mudzakhala ndi anthu aulere.

Ndipo a ku Jamaica mwawatchulawo mwanena nokha kuti anali ndi wowayang'anira. Ife ambiri sitinaonepo munthu akubwera kudzakhala m'kalasi n'kutiuza kuti apa mukuchita bwino, apa yesani chonchi. Akabwera amadzawerenga maina mu rejisitala n'kumapita.

AgogoAphunzitsi

Ana inu mwakambirana bwino. Ine ndinaphunzitsa kalasi yoyamba ya pulayimale mpaka kupuma ntchito, ndiye ndinkalandira ana ochokera ku nasale zosiyanasiyana. Mwana wochokera kwa mlezi wodziwa ntchito umamuzindikira sabata yoyamba, osati chifukwa amalemba dzina lake ayi, koma amatha kufunsa funso, amatha kumvetsera nthano mpaka kumapeto, akakwiya amanena ndi pakamwa osati ndi chibakera. Pomwe wina amaimba A mpaka Z mwa nyimbo koma ukamuloza chilembo chimodzi sakudziwa. Mlezi wosaphunzitsidwa amachita zimene iye anachitiridwa ali mwana, bolodi, kubwereza mokuwa, kachikwapu pambali. Si kuipa mtima, palibe anamuonetsa njira ina. Ndiye chiopsezo changa pa kukulitsa mothamanga n'chakuti nasale imangosanduka pulayimale yaing'ono, ana a zaka zinayi atakhala pa desiki maola atatu.

Zoti sizingatheke kulipira bwino n'kufikira onse sindivomereza kwathunthu. Ku France mwana aliyense amayenera kuyamba maphunziro ali ndi zaka 3 kuyambira 2019, ndipo mphunzitsi wa ana aang'onowo ndi wa pulayimale ndi gulu limodzi, maphunziro amodzi malipiro amodzi. Oklahoma, chigawo chosalemera kwenikweni ku America, inatsegula nasale kwa ana onse a zaka 4 mu 1998 n'kuika aphunzitsi ake pa sikelo ya malipiro yofanana ndi anzawo a makalasi apamwamba. Chinsinsi n'choti sanayese kumeza zonse kamodzi, Oklahoma inangotenga ana a msinkhu umodzi wokha, a zaka 4. Nde ine ndikanakhala nduna ndikanayamba ndi chaka chimodzi chomaliza mwana asanalowe pulayimale, kuyambira madera osauka kwambiri, mlezi aliyense ali pa peyilolo ya boma kuyambira tsiku loyamba ngakhale satifiketi yake ikhale yaing'ono, n'kumaphunzira akugwira ntchito malipiro n'kumakwera. Kenako chaka china.

Ndalama? Mayiko anakumana ku Tashkent mu November 2022 pansi pa UNESCO n'kugwirizana kuti 10 peresenti ya ndalama za maphunziro izipita ku nasale. Mayiko osauka ambiri ali kutali kwambiri ndi pamenepo. Funsani aphungu anu kuti kwanuko zili pa zingati.

Chidwi_88

Agogo zikomo, zachaka chimodzizo zandigwira mtima. Koma zandibweretsera funso lina. Boma likatenga ana a zaka 4 ndi 5 n'kulipira bwino alezi awo, nanga malo osungira makanda ndi ana a zaka ziwiri? Alezi abwino onse sathawira kubomako?

Wamanambala

Amathawa ndithu, ndipo pali vuto lachiwiri. Kusamalira khanda n'kodula chifukwa munthu mmodzi sangagwire makanda ambiri, nde malo ambiri apulayiveti amadalira fizi ya ana okulirapo aja kuti atseke dzenje la makandawo. Mukawachotsa ana okulirapo, fizi ya makanda imakwera kapena malowo amatseka. Washington DC inakumana nazo, ili ndi nasale za ulere za ana a zaka 3 ndi 4, ndiye mu 2022 inayamba thumba lapadera lowonjezera malipiro a alezi a ana aang'onowo kuti ayandikire a aphunzitsi a sukulu za boma, ndalama zake zochokera ku msonkho wa anthu opeza bwino kwambiri. Koma mu 2024 thumbalo linatsala pang'ono kuchotsedwa mu bajeti, linapulumuka alezi ndi makolo atachita phokoso. BamboMsonkho, msonkho umenewo inu mungavomere kukhoma?