Mizinga ya pa Robben Island, alipo anaionapo?

Wa ku Ntcheu:
Abale, mu Disembala abwana akutseka shopu, ndiye ndikufuna ndikwere basi pa Park Station kuno ku Johannesburg ndikaone Cape Town ndisanakalambe. Mwana wanga wabwera kusukulu ndi nkhani yoti pa Robben Island pali mizinga ya nthawi ya nkhondo ya Hitler. Ine ndimangodziwa zoti Mandela anakhalapo m'ndende zaka 18 basi. Ndi zoona zimenezi? Nanga munthu ukagula tikiti umakaiona mizingayo?

Gadi wa ku Rosettenville:
Achimwene, mwanayo sakunama, ine ndinaiona ndi maso angawa. Boti limanyamukira ku V&A Waterfront ku Cape Town, ndipo mukatsika pa doko la Murray's Bay amakukwezani basi yozungulira chilumbacho. Koma ndikuuzireni, ulendowo ndi wa ndende. Amaima nthawi yaitali pa nyumba yomwe anatsekeramo Robert Sobukwe, mtsogoleri wina wolimbana ndi tsankho, ndi pamgodi wa laimu, mizinga mumangoidutsa. Khalani ku windo ndipo mufunse, osachita manyazi. Musadyenso zamafuta musanakwere boti. Ine chipisi changa chonse chinathera m'nyanja.

Aphunzitsi opuma:
Ndiwonjezepo pang'ono, mwana wanga. Chilumbachi sichinayambe ndi Mandela. Akhate ankasungidwa pomwepo mpaka 1931. Nkhondo itabuka mu 1939, asilikali anachisandutsa linga lotchinjiriza Table Bay, pomwe pali doko la Cape Town, poti sitima zambiri zopita ku Egypt ndi ku India zinkazungulira ku Cape, njira ya Mediterranean itaopsa. Doko lomwe mudzatsikirepolo linamangidwa nthawi yomweyo.

Mizinga ikuluikulu ndi ya mainchi 9.2 kukamwa kwake. Chipolopolo chimodzi chinkalemera makilogalamu pafupifupi 170, kuposa matumba atatu a chimanga. Tangoganizani! Zipolopolo ndi onga ankasunga m'zipinda za konkire pansi pa nthaka, ndipo pa ntchito yoyeza mtunda wa sitima panalinso azimayi a usilikali.

Chimene chimandiseketsa n'chakuti mizingayo sinaombereko mdani ngakhale kamodzi. Mdani anabwera ndithu, koma anadzera pansi. Mu Okutobala 1942 sitima za Germany zoyenda pansi pa madzi zinamiza sitima zambiri za katundu pafupi ndi Cape Town, mizinga ili duu kuyang'ana pamwamba pa nyanja. Chaka chomwecho anyamata akwathu a gulu la asilikali la KAR (King's African Rifles) anali ku Madagascar. Malume anga anali m'gulumo, ndipo mpaka kumwalira kwawo sankafuna kumva za sitima ya pamadzi.

Mayi a mapasa:
Bambo, gulanitu tikiti pa intaneti, Disembala kumadzaza. Ndiye musaike ulendowu tsiku lomaliza. Mphepo ya kumwera ikavuta boti silinyamuka, ife tinabwerera padoko ndi ana akulira.

Gadi wa ku Rosettenville:
Zikakanika, kuno ku Johannesburg konkuno kuli nyumba yosungira zakale za nkhondo ku Saxonwold, pafupi ndi Zoo. Mizinga, akasinja, ndege, zonse mwanayo akaona popanda chizungulire.

Wa ku Ntcheu:
Zikomo nonse. Aphunzitsi, za malume anuzo ndazikonda, agogo anga nawonso anali ndi mendulo m'kachitini koma sitinawafunse kuti anaitenga kuti. Ku Saxonwold tipita Loweruka lino. Nanga kuchokera pa renki ya matakisi ya Bree ndikwere takisi yopita kuti?